Chizungulire cha ku Muscat

Okondedwa achemwali anga a Itto,

Ndikhulupirira kuti nonse mukudzuka bwino kumapiri kwathuko ku Midelt, ndi amayi omwe. Ife kuno ku Muscat tili bwino zedi.

Achemwali, nyanja ija ndayiona ndi maso angawa! Amuna anga a Lahcen anandiperekezako Lachisanu, ndipo ndinalowa mpaka m'mawondo, madzi ake ofunda ngati otenthetsa pamoto. Koma dzuwa lakuno ndi lina. Ndikamayanika chovala chomaliza, choyamba chimakhala chitauma kale. Mabulangete munandikakamiza kunyamula aja angodzaza malo pansi pa bedi.

Ndapeza mnzanga, mayi Shamsa a khomo loyandikana nafe. Dzana tili kumsika wa nsomba, fungo linandinyansa mpaka ndinachita chizungulire. Ndinawauza kuti ndi kutentha. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka. "Iwe mwana wa kumapiri, ine ndabereka ana asanu ndi awiri. Dzuwa usalinamizire!"

Amayi musawauze kaye. Mungowafunsa mochenjera ngati miyendo yawo ija ingapirire ulendo wa pandege cha m'mwezi wa Marichi. Ndekha kuno sindingathe, achemwali.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Tamou