Kaseti Ndinali Nayo Ine, Wailesi Anali Nayo Asiyatu

Amayi anga, kumene mukukhalako kukucha bwanji?

Ndine Zainabu, mwana wanu woyamba, ndikulemba ndili kuno ku Chia. Ndili ndi funso limodzi lokha, koma munatiphunzitsa kuti mlendo sayamba nkhani ali chiimire, ndiye ndiyambe ndakuuzani za pakhomo.

Mpunga wa chaka chino wachita bwino, ngakhale mvuu zinatidyera ndime yonse ya kumunsi kwa dambo. Amuna anga, bambo a Yusufu, anamanga mpanda waminga, mvuu zinangoupyola n'kupitiriza kudya. Mwera unavuta mwezi wathawu, mabwato anakhala pamtunda masabata awiri, ndiwo zathu zinali chigwada m'mawa ndi madzulo. Adzukulu anu atatu onse ali bwino. Sukulu tsopano ndi yaulere, moti akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango chifukwa m'makalasi mwadzaza.

Munachoka dziko lisanatembenuke, Amayi. Pano zipani zachuluka, chilichonse ndi nsalu yake, ndipo pamsika anthu akulankhula mokweza zinthu zija munkatitseka pakamwa ndi dzanja tikangoziyamba. Oimba nawo atseguka kukhosi. Mwezi sutha osamva kuti kwatuluka chimbale chatsopano, ndipo mu minibasi simungamvane ndi mnzanu chifukwa cha makaseti.

Asiyatu wabereka mwana wamkazi ndipo amupatsa dzina lanu. Ndinapita ndi ufa ndi sopo, ndinalulutira monga anzanga, koma ndisakunamizeni, mtima unandiwawa. Ine ndabereka katatu, onse amuna. Mng'ono wanga wangobereka kamodzi n'kutola dzina la Mariamu. Nyumba yanu ya ku boma akukhalamo ndi iye. Wailesi ya kaseti imene Ababa anabwera nayo kuchokera ku Joni ilinso kwa iye, chifukwa tsiku la arubaini, patatha masiku makumi anayi chimwalirireni inu, amalume pogawa katundu anati wailesi ikhale m'nyumba momwe inazolowera. Ine anandipatsa mtondo ndi zitenje zinayi. Mtondo, Amayi! Ngati kuti ku Chia kulibe mitengo.

Munkati m'mimba ndi nchipala, ndipo simunkanama. Asiyatu anatuluka wosalala, wa mano oyera, woseka ndi aliyense. Ine ndinatenga chipumi cha Ababa ndi mtima wosachedwa kutupa. Munkandiseka kuti ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ndinazidziwadi. Nyimbo yanu yopetera mpunga ija, ya mavesi ambirimbiri, ndine ndinkakuyankhani kuyambira ndili wosatha kunyamula lichero. Asiyatu ankangong'ung'udza pamwamba, mawu ake osawagwira.

Tsopano ndiulule choyamba. Pali chinthu chimene amalume sanagawe chifukwa sanachipeze. Kaseti yachikasu ija, yolembedwa ndi dzanja la Ababa, ndinaitenga ine m'sutikesi mwanu maliro asanathe n'kuibisa m'chitini cha mpunga. Mukuikumbukira. Mbali yoyamba munali nyimbo zakale za gitala ndi banjo zimene munkavina ndi Ababa muli achinyamata. Mbali yachiwiri ndi ija Ababa anadina batani lofiira mosadziwa, wailesi n'kujambula zonse zochitika pakhonde: lichero likulira, nkhuku zikukuvutani, inu mukuimba nyimbo yopetera. Atazindikira anaseka mpaka misozi, kenaka anathyola timano ta kumsana kwa kaseti kuti wina asadzafufute. Anati mawu a mkazi wawo aposa oimba onse a ku Joni.

Tsiku limenelo ine kunalibe, ndinali nditakwatiwa kale kuno. Ndiye pa kasetiyo, pakati pa nyimbo, mumamveka mukuitana kuti, "Asiyatu, mwana wanga, bwera udzandiyankhe." Ndikabwera kudzacheza mukaika kasetiyo, ndikangomva dzina limenelo ndinkanyamuka, ati ndikaone mbuzi kuseri. Nthawi zonse, Amayi. Nyimbo inali yanga ndi inu, koma dzina lolowa m'makina linali lake.

Choncho zaka ziwirizi takhala motere: kaseti ndili nayo ine wopanda poimvera, wailesi ali nayo Asiyatu wopanda mawu anu. Anadziwa kuti ndinatenga ndine. Sanakanene kwa amalume. Ankangoti ndikapita, "Achemwali, mudzabwere nayo kaseti ija, pali zoti mumve." Ine ndinkamva ngati akufuna kundikhazika pakati pa anthu kuti ndimvere pamodzi nawo mmene munkamuitanira.

Pakhonde panu paja mukanaona lero simukanapazindikira. Lachisanu lililonse amuna akachoka ku mzikiti, amayi a m'dera lonse amasonkhana pamenepo, wina ndi ulusi wolukira tsitsi, wina ndi mtedza wosenda, wailesi ili pampando ngati mlendo wolemekezeka. Mabatire ofooka amawayanika padenga kuti apezeko mphamvu. Mwamuna wa Asiyatu amayendetsa matola, ndiye kaseti iliyonse yatsopano imayamba yafika pamenepo. Ndipo mwana wanu uja wasanduka woweruza nyimbo. Akati chimbale choyamba cha woimba wakuti chinali chokoma kuposa chachiwiri, onse amavomera. Akati nyimbo yachitatu ya mbali yoyamba ndiye mwini chimbale, zinazo n'zongodzazira, onse amati zoona. Akati uyu wafulumira kutulutsa, akanadikira mawu akhwime, ngakhale amene sanamvepo amagwedeza mutu. Asiyatu yemwe uja, woti sankatha kugwira vesi limodzi!

Ine ndinkatsutsa. Ndinkati nyimbo za masiku ano ng'oma yake ndi ya makina, kugunda kwake n'kumodzimodzi kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Ndinkati oimbawa akulankhula kwambiri kuposa kuimba, ndipo anthu akuwakonda chifukwa chotukwana akuluakulu, osati chifukwa cha mawu. Ndinkati gitala wakale ankalankhula yekha, munthu unkatha kupeta mpunga motsatira. Zina mwa izi ndimazikhulupiriradi. Koma zambiri ndinkanena chifukwa choti Asiyatu wanena zosiyana, ndipo pobwerera mu minibasi ndinkapezeka ndikugwedeza phazi pa nyimbo yomwe ndangoinyoza.

Pagululo pali NyaMhone, mayi wa ku Ngala wogulitsa usipa, wa pakamwa posatseka. Tsiku lina nditatamanda nyimbo zakale anandiyankha kuti, "Yayi, mama, inu mwatsalira. Za banjo zija zinkalira ngati udzudzu. Mukungokakamira zakale chifukwa mulibe pomvera zatsopano." Onse anaseka. Kenaka anawonjezera kuti, "Komanso paja za nyimbo n'za a Asiyatu. Si amati ngakhale malemu amayi anu pa kaseti amaitana iwowa?" Asiyatu anamuletsa, koma mawu anali atatuluka kale. Ndinabwerera ku Chia khutu likutentha.

Masiku omwewo kunamveka kuti woimba amene amayiwo amamufera watulutsa chimbale china, ndipo ku boma chinali chisanafike. Ndinamva kuti ku Benga chafika, kwa bambo wina amene amajambulira anthu makaseti pakhonde la sitolo, ndi wailesi ya makomo awiri a makaseti yolumikiza ku batire la galimoto. Ndinati ulendo uno chatsopano chilowa pakhonde paja m'manja mwa Zainabu, tione amene watsalira.

Ndinapita tsiku la msika. Musandifunse chifukwa chake kaseti yanu ndinali nditaimanga pa mfundo ya chitenje tsiku limenelo. Ndinangoitenga. Bamboyo anati makaseti opanda kanthu atha, koma ngati ndili ndi yakale atha kujambula pamwamba. Ndinamasula mfundo. Anaitembenuza, n'kuona timano tothyoka tija.

"Iyi eni ake anaitseka dala, mayi. Mulibe zofunika umu?"

Ndinati mulibe.

Anang'amba kapepala, kukatafuna pang'ono, n'kutseka mabowo onse awiri amene Ababa anatsegula ndi manja awo. Kenaka anafunsanso, "Mbali imodzi kapena zonse?"

Amayi, ndikanatha kukuuzani kuti pamsika panali phokoso, kapena kuti bamboyo analakwitsa. Ayi. Funsolo ndinalimva bwinobwino. Ndinaona nkhope ya NyaMhone, ndinamva mawu anu akuti "Asiyatu, mwana wanga," ndipo ndinati zonse. Kaseti ikuzungulira ndinapita kukagula tomato ndi mchere. Ndinatsutsana mtengo ndi wogulitsa ngati munthu wabwinobwino.

Lachisanu ndinafika pakhonde amayi atadzaza. Ndinatulutsa kaseti ndisananene kanthu, ndipo Asiyatu atangoona chikasu chake ndi zolemba za Ababa anaimirira mwana ali m'manja.

"Achemwali, mwabwera nayo!"

Pamenepo ndikanalankhula. Koma ndinangomupatsa kasetiyo. Asiyatu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mabatire atsopano amene anati ankasungira tsiku limeneli. Anauza amayi onse kuti akhale chete, wosenda mtedza asiye. Anaika mbali yachiwiri, anakhala pansi, n'kuyandikiza khutu la mwana ku wailesi.

"Mariamu, tamvera agogo ako."

Anadina. M'wailesimo munatuluka ng'oma ya makina ndi kiyibodi.

NyaMhone analumpha n'kukuwa kuti chatuluka, chimbale chija chatuluka, anayamba kuvina, kenaka anaona nkhope ya Asiyatu n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Asiyatu anatulutsa kaseti, anaizunguliza ndi cholembera mpaka kumapeto, anaikanso. Ng'oma yomwe ija. Anaitembenuza. Chimodzimodzi. Kenaka anaona timapepala totafunidwa m'mabowo muja, anatiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale: za nyumba, za wailesi, za dzina la mwana. Sanakweze mawu.

"Achemwali, kaseti iyi munaimverapo mpaka pothera?"

Ndinati ayi.

"Ndinkadziwa. Munkanyamuka. Ine ndikayankha vesi limodzi, Amayi amandidula. Amati, 'Ayi, wakhotetsa, siya. Tidikire Zainabu, mwini nyimbo. Zainabu wanga akaimba imeneyi ine ndimaiwala kupeta.' Kenaka amaimba okha mpaka kaseti kutha. N'chifukwa chake ndinkati mubwere nayo."

Amayi aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense wakumbukira ntchito kunyumba. Tinatsala awiri ndi mwana, ndi chimbale chatsopano chimene palibe anafuna kuchimva. Munkati madzi akatayika saoleka. Ndinkaganiza kuti mumanena za mbale zosweka ndi mawu otukwana.

Tsopano funso langa ndi ili, ndipo palibe wina angandiyankhe. Ababa amene anajambula muli nawo kumeneko. Amalume kasetiyo sanaimverepo. Watsala Asiyatu yekha, ndipo ine mtima wanga mukuudziwa. Tsiku lina ndimati wanena zoona, ndimalira mpaka bambo a Yusufu kundifunsa ngati ndadwala. Tsiku lina ndimati wapeka kuti andibaye pamene akudziwa kuti sipadzapola. Tsiku linanso ndimati wapeka pondimvera chisoni, ndipo zimenezo ndiye zimandipweteka kuposa zonse. Ndinamuuza kuti alumbire. Anati za malemu salumbirirapo, ndikhulupirire kapena ndisiye.

Ndipo taonani mmene ndilili, Amayi. Ngakhale pano nsanje sinandichoke. Ngati munanenadi mawu amenewo, anali anga, koma ali m'makutu mwa Asiyatu. Iye anawamva kambirimbiri, akudziwa pamene munapumira, akudziwa ngati munaseka potchula dzina langa. Ine ndinawasunga zaka ziwiri m'chitini cha mpunga, n'kuwanyamula ndekha kupita nawo ku Benga. Ndikafuna kuwamva ndiyenera kukapempha kwa iye, andinenere ndi pakamwa pake.

Amayi, munanenadi? Munati "Zainabu wanga"?

Ndikudziwa kuti kumeneko sikuchokera makalata. Koma ndikulonjezeni ichi. Lachisanu likubwerali, Mulungu akalola, ndikwera minibasi ndi lichero langa ndi mpunga watsopano. Ndikakhala pakhonde panu, ndikamuika Mariamu pamwendo, ndikamuimbira nyimbo yopetera kuyambira vesi loyamba mpaka lomaliza, chifukwa tsopano yatsala m'kamwa mwanga mokha. Ndikatha ndikamupempha Asiyatu kuti anene zonse zimene munanena pa kaseti ija, kuyambira pa dzina lake. Ulendo uno ndikhala pansi mpaka amalize.

Mundiperekere moni kwa Ababa, ndipo muwauze kuti mabowo aja ndinatseketsa ndine.

Ndine mwana wanu amene amakukondani, ngakhale ndi mtima woterewu,

Zainabu