Msana Wanga Wapuma

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndili gwa! Opaleshoni yochepetsa mabere ija inatheka kuchipatala cha boma, ngakhale akuti nditatsitsimuka ndinaimbira manesi nyimbo zakwaya. Msana wasiya kuwawa.

Dzulo Mayi Phiri akumpingo anabwera kudzandizonda kunyumba kwanga kuno ku Dennistoun, kutsidya kwa nyanja. Ndinkaopa ulaliki wakuti ndakonza zimene Mulungu analenga. Anamwa makapu atatu a tiyi, osanyamuka. Potsiriza, atavala jekete pakhomo, anandinong'oneza kuti, "Mwanawe, adokotalawo unawayamba bwanji? Inetu msanawu wandizunza kuyambira utsikana." Ndinawalembera zonse papepala, iwo n'kulibisa m'Baibulo, ulendo.

Muwauze atelala andisokere diresi latsopano, muyeso wakale uja autaye. Ambuye akusungeni.

Mng'ono wanu,
Tadala