Nkhani ya Ndege Zosauluka

Chitipa Boma,
11 Ogasiti, 2024.

Okondedwa achimwene Enock,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dublin kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kuzizira kwayamba kuchepa, latsala ndi fumbi. Foni yanga simukuyankha, mauthenga mukuwerenga koma osabweza, ndiye ndati ndibwerere ku pepala ngati kale. Kalatayi ndapatsira Ivy, mwana wa a Kayange a ku Lufita, amene akubwerera kusukulu kwanuko. Musamuyang'ane ndi diso loipa, sakudziwa zimene zili m'katimu.

Ndikufuna ndikufotokozereni mmene zinayendera kuti bambo aikidwe m'manda inu kulibe. Mwamva kwa anthu ambiri, koma kwa ine amene ndinali pakati pa nkhaniyi simunamve.

Lachisanu lija mutanditumizira uthenga wa mawu muli pabwalo la ndege, ine ndinali pa Boma kulongosola za bokosi, thupi la bambo lili ku mochale. Munati makompyuta afa m'mabwalo a ndege m'maiko ambiri, ndege yanu yaimitsidwa, ndipo mukupempha kuti tikudikireni mpaka Lolemba. Nthawi yomweyo ndinaimbira bambo aang'ono a Davison ku Misuku. Inu mukuwadziwa. Anandifunsa ngati ndege za masiku ano zikumwa kompyuta m'malo mwa mafuta. Kenako anakumba za ukwati wa mchemwali wathu Tawonga, umene munati mubwera koma osabwera. Anati anthu akugona pasiwa chigonere Lachitatu, ufa ukutha, ndipo khofi wa anthu akupsa m'minda. Pomaliza anati, "Iwe umagwira ntchito pa wailesi. Ngati n'zoona, ndizimve pa nkhani za madzulo ano. Ndikamva, tidikira. Ndikapanda kumva, mawa tikuika."

Musadabwe nazo. Kwathu kuja ndi mapiri mbali zonse, ndipo kupatula mawailesi a ku Tanzania, imene imamveka bwino ndi yathu yokha. Chimene wailesi yathu sinanene, kwa bambo aang'ono sichinachitike.

Ndinathamangira ku ofesi ngakhale anali atandipatsa tchuthi cha maliro. Akonzi a nkhani tilipo atatu: a Clifford, mkonzi wamkulu, munthu wa ku Mulanje amene wakhala kuno mpaka akumayankha kuti yewo ngati munthu wa kumpoto kuno, ndiye Phyllis, wa konkuno, ndi ine. Tsiku limenelo magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Wailesi inkayendera sola, ndipo neti inkangolowetsa timauthenga ta pa Watsapu, tsamba lililonse la nkhani likukana kutseguka.

Poyamba sindinanene chifukwa changa. Ndinangoti pali nkhani yaikulu ya kunja, makompyuta afa, ndege zaima, mabanki ndi zipatala m'maiko ena zikuvutika, tiiike pa nkhani za madzulo. Phyllis anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati kuno neti imathawa tsiku ndi tsiku, magetsi nawo chimodzimodzi, kodi azungu anayamba atilengezapo pa mawailesi awo? Iye anali kale ndi nkhani ya mtengo wa khofi, ya mlatho wothyoka, ndi ya matenda a ng'ombe cha ku Mafinga, ndipo nthawi ya nkhani zathu ndi yochepa. Anandifunsa kuti munthu wa ku Chitipa amene wakhudzidwa ndi ndani. Pofuna kunditseka pakamwa anaimbira mnzake wina wogwira ntchito pachipata cha m'malire, ndipo uyo anati iwo ntchito ikuyenda, makina akavuta ali ndi cholembera ndi chidindo.

A Clifford sanaseke. Iwo nkhawa yawo inali ina: nkhaniyi ndaitenga kuti? Pa wailesi pathu pali lamulo lawo lakuti nkhani iliyonse ikhale ndi magwero awiri osadziwana. Analikhazikitsa chaka chatha titaulutsa zimene tinaona pa Watsapu, zakuti lole yagubuduzika ndi anthu pamsewu wa ku Karonga. Azimayi ambiri anathamangira kuchipatala akulira, koma ngozi kunalibe, ndipo a Clifford anapepesa okha pa wailesi. Chichokereni pamenepo, ukawauza kuti kunja kukugwa mvula amayamba atulutsa dzanja pawindo.

Ndinawaikira uthenga wanu. Anamvetsera phokoso la anthu kumbuyo kwanu, anamvetsera mawu anu, kenako anafunsa kuti akulankhulawo ndi ndani. Pamenepo ndinaulula zonse, za inu, za bambo aang'ono, ndi za mawa.

Phyllis anasiya kuseka. Anafufuta yekha nkhani ya ng'ombe pamndandanda, nati funso lake layankhidwa, wokhudzidwa alipo ndipo ndi mwana wa ku Misuku. Kuyambira pamenepo anali mbali yanga, ndipo anakangana ndi a Clifford kuposa ine. A Clifford anandipepesa za maliro mwaulemu wonse, koma anati zimene ndanenazo zalimbitsa nkhani m'malo moifewetsa. Gwero ndi limodzi, gwerolo ndi mbale wa mkonzi, ndipo mkonziyo ali ndi chimene akufuna kupindula. Sanangokana n'kukhala, achimwene, anayesa. Anaimbira mnzawo wa nyuzipepala ku Lilongwe, ndipo uyo anati inde, nayenso waona anthu akutumizirana zimenezo pafoni. A Clifford anati limenelo si gwero lachiwiri, ndi mphekesera yomweyo yangovala jekete. Ena amene anawaimbira, foni inkaduka asanamalize moni.

Nthawi ya nkhani itatsala pang'ono, a Clifford anandiitanira pakhonde. Anati, "Eluby, za ntchito tiike pambali. Inuyo achimwene anuwo mukuwakhulupirira?"

Ndinachedwa kuyankha. Sindinachedwe kwambiri, koma iwo anaona. Ukwati wa Tawonga unandibwerera m'mutu, mmene tinakusungirani mpando kutsogolo mpaka mwambo kutha. Ndinati ndikukukhulupirirani, koma mawuwo anatuluka opepuka. Ichi sindinauzepo munthu, ndipo chimandiwawa kuposa zonse.

Iwo anati chimene angathe n'kuika mawu anu pa mauthenga a maliro, amene amawerengedwa nkhani zikatha, chifukwa kumeneko banja limanena zake ndipo wailesi siikirapo umboni. Ndinavomera poti kunalibe kwina kogwira. Uthenga unawerengedwa bwinobwino, dzina lanu ndi la bambo. Nditaimbira bambo aang'ono anati amva, koma amenewo ndi mauthenga, aliyense akalipira amamuwerengera, ngakhale wofuna mbuzi yake yosochera. Loweruka m'mawa tinanyamula thupi kukwera nalo ku Misuku, ndipo masana tinaika. Inu mutamva munachoka pabwalo la ndege n'kubwerera kunyumba kwanu, ndipo mawu anu sindinawamvenso.

Chimene simukudziwa ndi ichi. Loweruka lomwelo a Clifford anakwera kabaza kupita pachitunda pamene neti imagwira, ndipo anakhala pamenepo mpaka anaipeza nkhani ija pa masamba a mawailesi akuluakulu a kunja, aliyense ndi atolankhani ake. Madzulo anaiwerenga okha, ndipo anaiika yoyamba, patsogolo pa mtengo wa khofi. Anamaliza ndi mawu akuti mwa anthu amene alephera kuyenda muli mwana wa ku Misuku amene amathamangira maliro a bambo ake. Ife tinali pasiwa, titangochokera kumanda. Bambo aang'ono anali ndi kawailesi kawo pabondo, ndipo anthu onse anamva. Anakazimitsa, anakaika pampando, n'kulowera kumunda wa khofi. Palibe amene anawatsatira.

Ndinakhala nthawi osawapatsa moni a Clifford. Mkwiyo utatsika ndinadzifunsa kuti akanabwera munthu wina ndi uthenga wa mbale wake, ine ndikanatani. Ndikanafunsa mafunso omwewo, mwina mwaukali kuposa iwo. Phyllis mpaka lero sanavomereze. Amati lamulo limene likukanika kusiyanitsa mphekesera ndi munthu amene akulira pabwalo la ndege n'lofunika kulionanso. A Clifford amayankha kuti bambo aang'ono anafuna kumva pa nkhani chifukwa choti nkhani zathu sizinama, ndipo tikayamba kuulutsa za chifundo, mawa sadzakhulupiriranso chilichonse. Amakangana pa tiyi, ine ndimangomwa wanga.

Tsopano za kumudzi. Bambo aang'ono kupepesa ndi pakamwa sangathe, zimenezo musayembekezere. Koma khofi wa bambo tathyola munda wonse kupatula mzere wapamwamba uja, umene bambo anadzala chaka chimene munabadwa. Bambo aang'ono aletsa aliyense kuukhudza. Tawonga atapita ndi dengu anamubweza. Ine nditawauza kuti khofi wapsa mpaka wayamba kuda ndi kuyoyoka, ndipo akapitirira ogula adzamukana, anangoti, "Mwini wake akubwera." Sabata yatha anandifunsanso, akuyang'ana kumbali, ngati makompyuta aja anachira.

Anachira, achimwene, ndege zikuuluka. Sindikukuuzani kuti mukhululuke lero, ndipo sindikudziwa ngati kuntchito angakupatseninso masiku. Ngati kubwera kwavuta, imbani foni, ngakhale kungopereka moni. Ngati simufuna kulankhula ndi iwo kapena ndi ine, imbirani amayi. Foni yawo amaitchaja tsiku lililonse kwa aphunzitsi ndipo amagona nayo pamutu.

Tawonga ndi amuna ake akupereka moni. Phyllis akuti pepani chomene. A Clifford anandipempha nambala yanu, ndinawauza kuti ndiyambe ndakufunsani. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti agogo awo anagona pamwamba pa munda, pamene munthu ukaima umaona mzere wonse uja. Amayi sanandipatse mawu oti ndilembe. M'mawa uliwonse amakwera kukatola khofi amene wagwa pansi pamzerepo, n'kumuyanika payekha pakhonde. Akuti wakugwa yekha si wothyola, ndiye bambo aang'ono sangawaletse. Wa mumtengo akudikira inu.

Ndine mlongo wanu,
Eluby.