Alamu Ayankhe Foni ya ku Lucan

Drumcondra, Dublin
12 Novembala 2015

Okondedwa achemwali anga a Peggy,

Muli bwanji kumeneko ku Chirimba? Alamu anga a Gervazio ndi ana akudzuka bwanji? Mwendo wanu uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, ndanenepa moti jekete yanga yakana kutseka. Kuzizira kokha ndiye kwafika poti mano akuimba kwaya.

Kalatayi ndapatsira mayi Scholastica a kutchalitchi kwathu, amene akukwera ndege mawa. Pa foni mukanandidula ndisanamalize.

Achemwali, khalani pansi. Chithunzi chija ndili pa kompyuta nditamanga tayi, si ofesi yanga. Ndilibe ntchito, chino ndi chaka chachisanu. Kampani yomanga nyumba ija inagwa limodzi ndi chuma cha dziko lino, bwana wake n'kuthawira ku Australia.

Boma latopa nafe okhalitsa pa dole, ndalama imene limapatsa osowa ntchito, ndiye latipereka kwa kampani ina kuti itipezere ntchito. Akuti kampaniyo imalipidwa munthu akalowa ntchito n'kukhalitsapo, choncho amationa ngati nkhuku zoti zigulitsidwe zisanamalize chakudya. Ukajomba kwa iwo, dole amaidula. Ofesi ya pachithunzi ija ndi yawo.

Anandipatsa mlangizi, mtsikana wa msinkhu wa Tisungane wanu. Anati tiyeserere intavyu. Ine mwaulemu wa kwathu ndinayang'ana pansi, manja nditapinda, ndipo atafunsa ngati ndimatha kuyendetsa galimoto ndinati ndimayesako pang'ono. Iye analemba mu fayilo kuti ndine wamanyazi, sindidzikhulupirira.

Ine, achemwali. Bonaventure amene ndinkatontholetsa depoti yonse ya Wenela ndi pakamwa pokha. Ananditumiza ku kosi ya masabata six kukaphunzira kudzitama. Tinalipo anthu twelve, wina Hosea wa ku Chipata, bambo wa imvi ndi madigiri awiri, tonse tikuphunzitsidwa kugwirana chanza.

Mtima utandipsa ndinati ndiwaonetse. Ndinauza mlangiziyo kuti kwathu ndinali transport manager, ndinkayang'anira magalimoto fifteen. Sanafunse kawiri. Analemba pa CV n'kutumiza ku kampani yoperekera buledi ku Lucan. Dzulo ndinapitako, ndipo bwana wake anandikonda, nanga angalephere bwanji. Akufuna dalaivala wa vani. Koma wati ayambe walankhula ndi amene ndinawagwirirapo ntchito. Wa kampani yomanga nyumba uja adilesi yake akuidziwa ndi Mulungu yekha. Atsala alamu, amene ndinkawayendetsera minibasi.

Ndikudziwa kuti alamu sanandilankhulepo chichokereni. Tsono imvani. Minibasi yawo ija sinagwere mu ngalande pa Lunzu chifukwa cha mbuzi monga ndinanenera. Panalibe mbuzi. Ndinkapikisana ndi minibasi ina kulimbirana anthu a pasiteji yotsatira. Inu munandiikira kumbuyo pamaso pa amuna anu, mpaka munagona masabata awiri osalankhulana, zonsezo chifukwa cha mbuzi yomwe sinabadwe. Ndikhululukireni, ndipo muwauze alamu mawu omwewa.

Bwanayo adzaimba Lachinayi pa 26, nthawi ya 1 koloko masana ya kwanuko. Nambala ndapereka yanu. Foni ikhale yotchaja, ESCOM isatichititse manyazi, ndipo wailesi muzimitse.

Sindikupempha alamu kuti aname, ndikuwadziwa, ndi a tcheyamani a mphakati. Akafunsidwa za fifteen, anene kuti galimoto inali imodzi, fifteen inali mipando. Ine ndikonzera kuno. Ndikungofuna anene kuti zaka zitatu ndinkafika pakhomo pawo 4 koloko m'mawa, dzinja ndi chilimwe, osajomba ngakhale tsiku limodzi. Za ku Lunzu akafuna kunena anene, koma ayambe ndi zaka zitatuzo, chifukwa anthu akuno sachedwa kudula foni.

Izi zikakanika, mlangizi wandilembetsa kale kosi ina, yophunzira kudzuka m'mawa. Achemwali, ndili ndi zaka forty-four.

Alamu akakana musawakakamize. Ingondiuzani Lachitatu lisanathe, ndikadziulule ndekha kwa bwana wa bulediyo asanamve kwa iwo.

Mundiperekere moni kwa Tisungane ndi ang'ono ake, kwa amalume ku Namadzi, ndi kwa alamu ngati angaulandire. Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu wokongola kuposa onse,
Bonaventure