Mng'alu wa Pansi pa Chishalo

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamwana kathu kamene sindinakanyamulebe. Kuno tilipo, kungoti ine mtima suli m'malo sabata yonse ino. Mukamva chifukwa chake museka. Sekani, muli kutali, sindingakugendeni.

Njinga yanga yang'aluka. Ndimaitsuka Loweruka pokonzekera ulendo wobwera kwanuko, ndiye kansalu kanakola pansi pa chishalo, pamene mapaipi a felemu amakumana. Nditapala penti ndinapeza mng'alu wowonda ngati tsitsi. Ndikapachikapo zikwama ndi tenti n'kuyamba zitunda za njira ya kwanuyo, idzandithyokera pakati, mudzalandira mng'ono wanu wopanda mano.

Inu munachoka ndisanaimalize, ndiye mwina mukuona ngati ndikulirira chitsulo. Felemu ndinaitola kwa ogula zitsulo zakutha. Mawilo ndinaluka ndekha, sipoko ndi sipoko, kulakwitsa, kumasula, kuyambiranso, mpaka zala zinatupa. Chimene sindinachite ndi manja anga ndi kuwotcherera kokha. Achimwene ndiwo anandiyeza miyendo ndi chingwe, n'kudula felemu kuti ifupike n'kuiwotcherera, uku akuti, "Timiyendo ta bakhati tingaifike pedulo?" Mpaka lero palibe munthu wina amene amaikwera n'kusangalala nayo. Ndi yanga basi.

Lolemba nditaweruka ku famase ndinalowa m'shopu ya njinga. Mwini shopu anandiona ndisanatsegule pakamwa.

"Chemwali, kwerani iyi. Imayenda yokha, inu kwanu n'kumwetulira."

Ndinakwera. Sindinama, ndi yopepuka, magiya akulowa mopanda phokoso, mabuleki ukangowakhudza yaima. Ndinazungulira nayo kuseri kwa shopu mtima ukuchita dyokodyoko ngati ndikuzemberana ndi mwamuna wa mwini. Koma mahandulo ali kutali, ndimachita kudzitambasula ngati ndikuyanika bulangete.

"Nanga ikandithyokera kutchire?" ndinafunsa.

"Imeneyi ndi aluminiyamu, sawotcherera pamsewu. Koma sithyoka."

"Ndiye kuti anaipangira kumwamba?"

Anaseka, n'kuti andisungira mpaka mwezi uthe. Yangayo akuti ndimusiyire, amasuleko mawilo ndi magiya, felemu akataye. Ananena mawu oti akataye akutokosa m'mano.

Ndinapita nayo kwa bambo wowotcherera mageti pafupi ndi depoti. Anasisita msoko wakale ndi chala n'kundibwezera. Akuti paipiyo ndi yopyapyala, iye angoiboola, ndipite kwa amene anawotcherera poyamba.

Ndikudziwa chimene mukunena panopa, ndipo musayambe. Inu simunalipo tsiku lija. Mphunzitsi uja amene ankandifunsira ndinali nditamukana kale, pamaso, masana. Achimwene anaitanabe abale ake kuti adzakambe za ukwati, ndipo podziwa kuti ndinyamuka m'mawa ulendo wa panjinga, anamasula wilo lakutsogolo n'kukalitsekera kuntchito kwawo. Ndinadzuka n'kupeza njinga yagwada pakhonde ngati mbuzi yodwala. Alendo atakhala pabalaza, munthu amene anandiphunzitsa kugwira sipanala anati, "Musadandaule, tamudula mapiko. Za kugona m'matenti m'mbali mwa msewu zatha." Onse anaseka, ine ndili ndi thileyi ya makapu m'manja. Ukwatiwo unafera pomwepo chifukwa pakamwa panga mukupadziwa. Wilo linabwera ndi mlamu, mkazi wa Achimwene, patapita masiku. Pepani sanabwere, ndipo tsopano patha chaka. Tikakumana pamsewu ndimayang'ana mitengo.

Dzulo mlamuyo anatulukira kwathu, akuti amangodutsa. Kudutsa kupita kuti, poti nyumba yanga ndi yomalizira? Anaona pamene ndinapala penti.

"Yadwala?"

"Yakalamba. Ndikugula ina."

"Chabwino, abwana. Achimwene anu maso ayamba chifunga. Adokotala akuti chaka chino asiyane nawo moto wowotchererawo."

"Ndiye ndilire?"

"Ayi, ndangonena. Iwo amangofunsa kuti, kodi mwana uja mabuleki ake akugwira?"

"Muwauze akafunse wilo lomwe anatsekera."

Anaomba m'manja. "Inu awiri anakusemani pamtengo umodzi. Ine ndinakwatiwa kubanja la miyala."

Atapita ndinalephera kukhala pansi. Ndinasesa m'nyumba mosesa kale. Ndinapopa matayala a njinga yomwe sindingaikwere. Kenako miyendo inanditengera kumsewu wa kuntchito kwa Achimwene, ndinamva chopalira zitsulo chikulira mkatimo, ndipo ndinakhotera m'golosale n'kugula sopo amene ndili naye kale. Musandifunse.

Ndikagula yatsopanoyo ndifika kwanu msanga, msana ukupweteka koma mutu uli m'mwamba, ndipo sindidzafunanso kanthu kwa munthu ameneyu moyo wanga wonse. Ndikaganiza zimenezi ndimamva kukoma pang'ono, kenako kumatha. Koma kuti ine ndikaime pachipata chawo, njinga m'manja, anyamata awo akundiyang'ana, n'kunena kuti achimwene thandizeni? Ndani analakwira mnzake? Ayi, Achemwali, bola ndibwere wapansi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asanenepe kwambiri ndisanafike. Kamwanako mukapsompsone, mukauze kuti mayi ake aang'ono akubwera ndipo si oipa monga anthu akunenera. Amayi ali bwino, mwendo uja wasiya kutupa.

Achimwene musawapatse moni wanga, ndilibe. Koma poti mumaimbirana foni Lamulungu lililonse, mukhoza kungotchula, ngati nkhani yanu, kuti njinga imakhala pakhonde yosakhoma, ndipo ine masana onse ndimakhala kuntchito. Musanene kuti ndakutumani. Mwezi ukatha ili pomwepo, ndikatenga ya kushopu ija. Mng'aluwo uli kumanzere. Muwauze bwinobwino kuti kumanzere, pamene ndapala penti, angavutike kufunafuna ndi maso amenewo. Ndipo avale magalasi akuda aja, asachite makani.

Penti asapake, ndidzapaka ndekha. Asaganizenso kuti nkhani yatha.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa amayi anu