Ababa Amayankhula M'galimoto Mokha

Kwa Maseya,
Chikwawa.
20 Okutobala 2024

Wokondedwa mlongo wanga Ignasio,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Maureen ndi ana. Kodi chifuwa cha Monalisa chija chinatha? Kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino latikwana. Ikamakwana teni koloko phula limakhala litafewa kale, mbuzi zitabisala pansi pa ngolo. Amayi ali bwino, bondo lokha lija. Za ababa ndi zomwe ndakhalira pansi kuti ndikulembere.

Ndasankha pepala chifukwa pa foni umandidula mawu, nanenso ndimakudula. Uwerenge mpaka kumapeto, kenako undiimbire.

Unanena kuti ubwera kumapeto kwa mwezi uno kudzatenga ababa kuti azikakhala nawe ku Lilongwe. Sindinaiwale kuti anakupempha zimenezi ndine. Mu Julayi muja ndinakulirira pa foni kuti ndatopa: kusukulu makalasi anayi a fizikisi, kunyumba kuthandiza amayi kuwanyamula, kuwadyetsa ndi kuchapa zofunda. Chiwagwetsereni sitiroko mu Malichi, dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwira, ndipo pakamwa pawo sipanatulukenso liwu. Adokotala anati akumva zonse, yatsekeka ndi njira ya mawu. Tonse tinagwirizana zowasamutsa. Amene sitinawafunse ndi eni akewo, poti tikanawafunsa bwanji?

Ndiyambe ndi galimoto yanga, yomwe iwe umaitcha chule.

Ndikudziwa kuti mpaka lero umaona ngati ndinasokonezeka mutu pogula Toyota Celica ya 1992, ya zitseko ziwiri, yofiira kosuluka. Koma ndinayamba ndawerenga za iyo kwa miyezi itatu. Inali yotsika mtengo chifukwa palibe woifuna: sungachitire takisi, sunganyamulire thonje. Injini yake ndi ya banja limodzi ndi ya ma Toyota ambiri akale, choncho masipeya amapezeka ku Limbe. Zifukwa zanga zinali zimenezo, ndipo sindinachotsepo ndi chimodzi chomwe.

Zoipa zake uli nazo kale pamtima. Imakhula mimba pa hampu iliyonse. Mvula ikagwa imagona kusukulu, ine n'kupita kunyumba pa kabaza. Nyali zake zimabisala m'boneti, ukayatsa zimatukuka ngati zikope, ndiye azibambo a kabaza pa Dyeratu akandiona amakuwa kuti, "Aphunzitsi, tamuuzeni chuleyo aphethire tione!" Amayi amati galimoto ya zitseko ziwiri ndi ya munthu wopanda abale. Ababa, asanadwale, anati iwo ayendetsa lole ya mzimbe ku Nchalo zaka makumi atatu ndi chimodzi atakhala m'mwamba ngati munthu, sangakwere chinthu chokhwekhwereza matako pa phula. Anali asanaikwerepo.

Pa 14 Ogasiti linali tsiku lokaonana ndi adokotala ku Blantyre. Sienta ya a Duncan, oyandikana nafe omwe amatinyamula masiku a chipatala, inakana kulira m'mawa womwewo. Panalibe kuchitira mwina. Apa ndinaona chinthu chomwe sindinachiganizirepo: chitseko cha chuleyu ndi chachitali, ndipo mpando wake sutalikirana ndi njinga ya odwala. Tinangowasuntha ababa osawanyamula. Ovuta anali amayi, omwe analowa kumbuyo atapindika, akudandaula kuti ndawaika m'chikwatu ngati nkhuku yopita kumsika.

Titaoloka mlatho wa Shire n'kudutsa pa Thabwa, tinayamba kukwera phiri. Pa kona yachitatu ndinapezeka kumbuyo kwa lole ya simenti. Ndinali mu giya fili, injini ikubuula, chiwongolero chikunjenjemera m'manja. Kenako ndinamva liwu losasa, ngati la chitseko chomwe sichinatsekulidwe nthawi yaitali.

"Thuu."

Ndinayang'ana pagalasi poganiza kuti ndi amayi. Liwulo linabweranso, tsopano mokalipa: "Ika thuu!"

Ignasio, ndinasintha giya ndisanamvetse kuti wayankhula ndani. Galimoto inapepuka n'kuyamba kukoka. Ababa anagwedeza mutu kamodzi, monga ankachitira ukawapatsa sipanala yoyenera. Amayi kumbuyo anafunsa monong'ona kuti, "Abambo a Priska, ndinu?" Maso a ababa anali pa msewu. Miyezi isanu ya chete inathera pa mawu awiriwo, ndipo onse anali ondikalipira.

Ndinawafotokozera adokotala. Anati zimachitika: mawu omwe munthu wawanena kambirimbiri pa ntchito, kapena nyimbo, kapena kuwerenga manambala, nthawi zina amatuluka pomwe ena onse akukanika. Ndinakawerenganso ndekha ndipo ndinapeza zomwezo. Si chozizwitsa, ndi momwe ubongo unapangidwira. Ndikukuuza izi kuti udziwe kuti sindinasiye kuganiza. Koma kudziwa dzina la chinthu ndi kwina, kukhala nacho pafupi chikuchitika ndi kwinanso.

Pobwerera, potsika phiri lomwelo, ndinkaponda buleki pafupipafupi monga ndinazolowera. Anamenya dashibodi ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti, "Buleki ayi. Giya." Ndinaika thuu, injini inagwira yokha, tinatsika bwinobwino. Titafika kunyumba n'kuzimitsa galimoto, nawonso anazima. Amayi anawachonderera mpaka madzulo kuti anene ngakhale dzina lawo lokha. Palibe chomwe chinatuluka.

Tsopano ndiulule. Unatiuza kuti asamayendetsedwe m'misewu pokhapokha popita kuchipatala, ndipo tinavomera. Ine ndakhala ndikuwatenga Loweruka lililonse chiyambire tsiku limenelo. Ukaimba ndimati akupumula. Ndinakunamiza, ndipo amayi ndinawapempha kuti asakuuze. Mlandu ndi wanga ndekha.

Ndinafuna kudziwa chomwe chimatsekula pakamwa pawo, ndiye ndinayesa monga timayesera mu labu. Galimoto itaima, injini itazima: chete. Injini ikulira koma tili pabwalo: chete. Mu Sienta ya a Duncan, yomwe imasintha magiya yokha, anagona tisanafike pa Dyeratu. Amayankhula mu chule yekha, ndiponso akamayenda. Ndikuganiza kuti ndi chifukwa mmenemo injini imamveka bwino, msewu umakupeza kudzera mu mpando, ndipo woyendetsa akalakwitsa zimaonekera pomwepo.

Ndili ndi kope momwe ndimalemba liwu lililonse ndi tsiku lake. Pofika kumapeto kwa Sepitembala anali mawu makumi awiri ndi atatu. Magiya onse asanu. Hampu, khota, ima, hutala. "Ndoko," Chisena cha anzawo a ku esiteti, akafuna kuti ndipite. Ndiponso "chitsiru," lomwe anamupatsa dalaivala wa minibasi yemwe anatipitirira pa kona ku Ngabu. Liwu limenelo linatuluka loyera bwino, lopanda chilema chilichonse, ndipo ndinaseka mpaka misozi.

Pali china chomwe sindinayembekezere. Galimotoyi ndakhala nayo zaka zitatu, koma ndaidziwa miyezi iwiri yapitayi. Ndinkaiyendetsa mwamantha, ngati ndanyamula mazira. Loweruka lina m'mawa, titadutsa Nchalo pomwe msewu umawongoka pakati pa minda, ababa anati folo. Ndinaika. Anati faifi. Ndinaika. Kenako anati ndoko. Sindinapitirire malire a lamulo, usade nkhawa, koma ndinamva galimoto ikukhazikika pa msewu, phokoso lonse la zitsulo zakale likutha, n'kutsala kulira kumodzi kosalala. Mzimbe unasanduka mzere umodzi wobiriwira. Ndinacheukira ababa. Anali atatsekula windo, mphepo ikuwakupiza kolala, theka la nkhope lomwe limagwira likumwetulira.

M'makona a phiri ndiye andiphunzitsa popanda chiganizo ndi chimodzi chomwe. Amanena giya kona isanafike, osati tili kale mkati. Ndikamvera, galimoto imakhota ngati madzi mu ngalande, osakankha, osatsetsereka. Ndimaphunzitsa ana chaka ndi chaka chifukwa chake chinthu chachifupi ndi chotambalala sichigwa msanga, ndipo ndimajambula mivi pa bolodi. Sindinkadziwa kuti zimenezi zimamveka m'chiuno. Anthu omwe anaipanga ku Japan, ine ndisanayambe sukulu, ankadziwa. Ababa, omwe analekezera Sitandade 5, ankadziwanso. Wotsalira ndinali ine.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Ndinaganiza kuti ngati mawu awo ali a msewu okhaokha, funso lathu ndiliike pa msewu.

Pa 5 Okutobala tinakwera mpaka pamwamba pa phiri, paja anthu amaima kuti aone chigwa. Ndinaimika pambali, galimoto italoza ku Blantyre, injini ikulira, phazi lili pa kilatchi. Kumbuyo kwathu chigwa chonse chinali pansi: Shire akunyezimira, minda ya mzimbe, utsi wa ku fakitale uli chiimire poti kunalibe mphepo. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, n'kuwauza kuti msewu uwu ukapitirira umakafika kwa Ignasio, komwe kuli nyumba yozizira bwino, chipatala pafupi ndi zidzukulu. Ndinati mwawakonzera chipinda kuti azikakhala komweko. Ndinafunsa ngati tipitirire.

Tinayenda mtunda ndithu. Kenako anati, "Tembenuza."

Liwu limeneli munalibe m'kope langa. Ndinatembenuza. Koma umandidziwa: kamodzi si umboni. Mwina anangotopa, mwina dzuwa linawawomba m'maso.

Loweruka lotsatira ndinasintha. Ndinakatembenukira kutsogolo, kotero kuti pofika pamalo pomwepo tinali titaloza kale kuchigwa. Ndinawafunsa ngati nditembenuze kuti tipite kwa Ignasio. Akanakhala kuti akungobwereza liwu, akanati tembenuza. Anakweza dzanja lamanzere, n'kuloza kumunsi, n'kunena kuti, "Ndoko."

Dzulo ndinawanyengerera amayi kuti apindikenso kumbuyo, poti ndinafuna mboni, ndiponso ndinafuna kuti funso lichoke pakamwa pena. Titafika pamwamba, amayi anagwira phewa la ababa. Anawauza kuti asaope kutilemetsa kapena kukhumudwitsa mwana wawo wamwamuna, angonena komwe mtima wawo uli. Ndinkayendetsa pang'onopang'ono kwambiri, moti munthu wa njinga ya makala anatipitirira. Ndinkadikira giya, kapena khota, kapena liwu lina la msewu.

Milomo yawo inalimbana kwa nthawi. Thukuta linatuluka pamphumi. Kenako anati, "Kwathu."

Limeneli si liwu la dalaivala, Ignasio. Palibe buku lomwe ndawerenga lomwe linandilonjeza limeneli. Ndinaimitsa galimoto pambali. Amayi analira mokweza mpaka mayi wina wogulitsa masawu anabwera kudzafunsa ngati tamva uthenga wa maliro. Ababa anatiyang'ana tonse awiri, n'kunena kuti, "Wani." Kutanthauza kuti tiyeni tizipita.

Pempho langa ndi ili: usawatenge. Sindikunena kuti kutopa kwanga kwatha, kapena kuti kuno kuli chisamaliro choposa cha kwanu. Pa zonse zomwe zingayezedwe, Lilongwe ikupambana, ndipo ndikuvomereza. Sindikulonjezanso kuti mawu awo abwerera onse. Adokotala sakudziwa, nanenso sindikudziwa. Koma tinagamula mlandu wa munthu poganiza kuti sangayankhe, ndipo wayankha katatu.

Tsiku lomwe unakonza lija ubwerebe, koma galimoto yako uisiye pabwalo. Ndidzakupatsa makiyi a yanga, ine ndidzakhala kumbuyo. Ukawafunse wekha, m'mawu ako, pamalo pomwe ungasankhe. Akakakuuza kuti Lilongwe, chikwama chawo ndidzachilongedza ndi manja anga ndipo sindidzatsutsa. Akakakuuza zomwe anatiuza ife, tidzakhale pansi atatu ndi amayi, tione momwe ungatithandizire ali konkuno. Ungokonzeka kukalipiridwa, chifukwa ndimadziwa momwe umasinthira magiya.

Undikhululukire chifukwa cha bodza lija. Upereke moni kwa alamu, uwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cha chipinda chomwe anakonza ndi mtima wonse. Umupsompsone Monalisa ndi mng'ono wake. Amayi akupereka moni, ati ubwere ndi mankhwala opaka bondo aja. Ababa ndawauza kuti ndikukulembera. Anagwira pepalali ndi dzanja lamanzere kwa kanthawi asanandibwezere. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akuyendetse bwino potsika phiri.

Ndine mlongo wako,
Priska