Kachitsulo kali mu envelopu muno

17 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri ndili pa makina, ndipo ndinaiwerenga ndi manja a girisi, moti m'mphepete mwake mwadetsedwa. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chakusiyani. Kuno denga la galaja layambanso kudontha pamalo pomwe paja munkatcherapo ndowa.

Mwalemba kuti ndipite kwa mng'ono wanga ndi alamu ndikapepese. Bambo, sindinakukanirenipo chinthu chibadwire, koma ichi chokha ndakana. Mwamva mbali yawo, tsopano imvani yanga.

Alamu anagula marimu anayi, zitsulo zovekapo matayala, a zidutswa zitatu, aja okhala ndi chapakati, mkombero wamkati ndi mkombero wakunja, zomangidwa ndi timabawuti tambirimbiri. Ndi okongola, sindinama. Koma atawaika pa galimoto, matayala anatuluka kunja n'kumakhula madigadi, malata aja a pamwamba pa matayala. Anabwera nawo ali ndi anzawo awiri.

"Alamu, mupale kumbuyo kwa chapakatichi mamilimita khumi ndi awiri, kuti gudumu lilowe mkati," anatero. "Loweruka tikupita kukaona bambo, ndikufuna akaione itatchena."

Ndinatenga choyezera chanu chija. Pansi pa pamene nati imakhala chitsulo chinali chochindikala mamilimita khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndinawauza kuti ndingapale atatu basi. Njira yabwino inali kusintha mkombero wakunja n'kuikapo wocheperako, chapakati n'kuchisiya osachikhudza, kungoti mikomberoyo ikanafika patatha milungu itatu.

"Milungu itatu? Inu mantha achuluka. Bambo akanakhala pano bwenzi atapala kalekale."

Apa ndiye ndinalakwa, ndipo ndikuvomera. Ndinawayankha kuti munthu amene sadziwa kumene sipanala imazungulira asamatchule dzina lanu. Anzawo aja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mukudziwa pakamwa panga, ndinatengera mayi. Ndikanawakokera pambali n'kuwauza modekha, mwina akanamva. Koma mwamuna amene wasekedwa pamaso pa anzake samvanso kanthu.

Anapita nawo kwa munthu wina wa kuseri kwa msika, amene anapala monga anamuuzira. Lachisanu masana alamu anabwerera, zidutswa zili m'makatoni, kuti ndiwamangire, popeza ndine ndili ndi sipanala yoyezera mphamvu ndi mankhwala omatira kuti mpweya usatuluke. Anali akumwetulira.

"Mwaona? Ena sachita mantha. Ingomangani, ndibwera folo koloko."

Atachoka ndinayeza. Panatsala mamilimita anayi, bowo lina atatu ndi theka, chifukwa munthuyo sanakhazike bwino chitsulo pa makina. Ndinayezanso kawiri, kufuna kuti ndikhale ndine wolakwa. Kenako ndinaganiza za msewu wobwera kwanuko, phiri lija lokhotakhota, mng'ono wanga ali kutsogolo ndi pakati pake pa miyezi isanu ndi iwiri, mapasa ake ali kumbuyo akulimbirana windo. Ndinadziwa kuti ndikangokana, alamu anyamula makatoni n'kukamangitsa kwina, ndipo marimu akale anali atagulitsa kale.

Ndinatenga galayinda, Bambo. Ndinadula chapakati chimodzi kudutsa pa bowo la nati, mpaka chinagwa pansi zidutswa ziwiri. Galimoto siyenda ndi magudumu atatu, ndipo n'chifukwa chake munakhala pakhonde tsiku lonse Loweruka osaona munthu. Zimenezo zikundipweteka kwambiri. Koma ndikanakonda kuti mudikire pachabe kusiyana n'kuti wina akuimbireni foni ali m'mbali mwa msewu.

Alamu atabwera anakuwa mpaka anthu a mashopu oyandikana nafe anatuluka. Ndinawapatsa chidutswa kuti aone okha, iwo anachiponya pakhoma. Madzulo ake mng'ono wanga anaimba.

"Achemwali, n'chifukwa chiyani simufuna kuti ife tikhale ndi chabwino? Ndi nsanje kapena?"

Mawu amenewo ndiwo anandiliza, osati kukuwa kwa alamu. Mwana amene ndinkamubereka kumsana inu muli kuntchito! Kuyambira tsiku limenelo mapasa sabweranso kuno akaweruka kusukulu. Timipando tawo tiwiri tidakali pafupi ndi chitseko, ndipo ndimatipukuta m'mawa uliwonse ngati wopusa.

Ndinu munandiphunzitsa, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, kuti chitsulo ukachipala sichimeranso. Ndinu munabweza mwini malole uja atabwera ndi ukali wake wonse, ndipo munandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero mukufuna ndikagwade chifukwa ndinamvera? Za mawu anga aja ndipepesa, ngakhale mawa, pamaso pa anzawo omwewo. Za gudumu ayi. Atabweretsanso lina lotero, ndidzadulanso.

Mu envelopu muno ndaikamo kachitsulo, nditakakulunga m'nsalu kuti kasakuchekeni. Ndakadula pa bowo lija la atatu ndi theka. Ndikudziwa kuti maso anu sakuonanso manambala a pa choyezera, koma zala zanu sizinakalambe. Kagwireni pakati pa zala ziwiri monga munkachitira. Mukaona kuti inu mukanamangapo nati n'kukwezamo adzukulu anu, ndilembereni mawu amodzi okha, ndipo ndikagwada.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze asamakulolani kukwera makwerero. Mng'ono wanga akakuimbirani, musamukalipire, ali wotopa. Mungomufunsa ngati miyendo yasiya kutupa, n'kundiuza, poti ine foni yanga sakuyankha. Mapasa muwauze kuti maginito awo aja ndawasungira mu dilowa yachiwiri.

Ndine mwana wanu woyamba,
uja wamakani